Muyeso wa makutu a apongozi

Mafone anga a m'khutu ndinakhala nawo miyezi itatu ndikungowanyoza. Ndiyambe ndi kuulula zimenezo, chifukwa masiku ano ku sekeretariya, ofesi ya sukulu kumene ndimagwira ntchito, ku Ulongwe, anthu amandiyesa katswiri. Munthu akagula ake amabwera nawo pa meza yanga kuti ndimuonere, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndinabadwa nawo m'makutu. Bodza lenileni. Ndinayamba ndi umbuli wosasakaniza ndi kanthu.

Anatumiza ndi achimwene anga, amene amagwira ntchito yojambula nyimbo za makwaya ku Tete. Mafonewo anabwera pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, m'kabokosi kakuda kolimba, ndipo nditatsegula ndinangoti kukamwa yasa. Tinthu tiwiri tonga nyemba zikuluzikulu, tonyezimira, tolemera m'manja kuposa maonekedwe ake, ndi nthambo yoluka bwinobwino ngati tsitsi la mkwatibwi. Si aja a pa msika, amene umagula Lolemba, pofika Lachisanu mbali imodzi yafa. Pansi pake panali kathumba kodzaza ndi timphira, tija timavekedwa kunsonga yolowa m'khutu: tating'ono, tapakati, tatikulu, ndi tina tofewa tasiponji. Ine poona kathumbako ndinati, a, achimwene aganiza patali, andiikira zosinthira izi zikadzatha. Ndinakaponya m'chitini cha singano ndi mabatani, n'kutseka.

Kuvala ndinkavala mmene aliyense amavalira, kukankhira m'khutu basi, nthambo n'kumalendewera kuchibwano. Mayo ine! Lakumanzere linkandipweteka ndisanafike n'komwe pa msika, lakumanja linkagwa ndikangocheuka. Mawu ake anali opyapyala, a m'mphuno, opanda thupi. Mumtima ndinkati achimwene awapusitsa a m'tauni, koma pakamwa ndinkathokoza.

Panalinso china. Kwathu kuno munthu samvera nyimbo yekha pali anzake, n'chimodzimodzi kukukuta chimanga chootcha mnzako akuyang'ana. Ukangoika m'makutu, mnzako watambasula kale dzanja, iwe n'kumupatsa limodzi. Choncho ine ndi mnzanga wa pa meza yoyandikana tinkakhala mitu pamodzi, aliyense ndi lake limodzi, khutu linalo likumva makina osindikizira mapepala ndi phokoso la ana pabwalo. Miyezi itatu yonseyo sindinamvepo nyimbo ndi makutu awiri.

Achimwene atabwera pa feriya, tchuthi chawo, anandipeza pakhonde ndikusankha nyemba, mafone ali m'makutu mwa njira yanga ija. Anaima chiriri.

"Alongo, n'chiyani chimene mwachitachi?"

"Ndavala mafone anu aja. Koma ndisabise, achimwene, anakuberani."

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Kathumba kaja kali kuti?"

"Ka zosinthira? Ndasunga bwino."

"Zosinthira! Imeneyo ndi miyeso, mayi inu, ngati ya nsapato. Mwakhala mukuyenda ndi nsapato za eni ake miyezi itatu, n'kumatukwana msewu. Katengeni, chonde, ndisanalire."

Manyazi anandigwira, koma ine manyazi akandigwira ndimalongolola. Ndinati bwanji sanalembe pa kabokosipo. Iwo anati analemba, kapepala kanali momwemo. Kapepalako ndinali nditayatsira mbaula.

Tinakhala pakhondepo masana onse. Achimwene anayala timphira tonse pa mpango, n'kunditsutsa chinthu chimene ndinkachikhulupirira chibadwire, chakuti makutu a munthu ndi ofanana. Si ofanana ayi. Langa lakumanzere linalola kamphira kakang'ono, lakumanja linafuna kokulirapo kuposa kamene kanabwera pamenepo. Kenako anandiphunzitsa kalowetsedwe kake. Umadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, kugwira nsonga ya khutu la mbali inayo, kulikokera m'mwamba pang'ono kuti njira iwongoke, ndiye n'kulowetsa mopotoza, osati mokankha. Nthambo siipita kuchibwano, imakwera pamwamba pa khutu n'kutsikira kumbuyo. Nditachita zimenezo mbali zonse ziwiri, achimwene anati, "Nenani kuti mmm."

Ndinanena, ndipo ndinadzidzimuka. Mawu anga anagunda m'kati mwa mutu. Chigayo cha kutsidya kwa msewu, chimene chimalira tsiku lonse, chinapita kutali. Nkhuku zinkatsegula milomo popanda mawu. Ndinapukusa mutu, ndinatafuna, ndinawerama kutola nyemba, mafone osagwedezeka, ndipo posakhalitsa ndinaiwala kuti muli kanthu m'khutu.

Achimwene anaika nyimbo ya kwaya imene ndinkaidziwa kuyambira ndili mtsikana. Abale inu! Ndinamva mayi woyambitsa nyimbo akukoka mpweya asanatulutse liwu. Azibambo a mawu aakulu anaima kudzanja lamanja, chisekese chinali kumanzere, chakumbuyo pang'ono, ndipo pakati pa ndime yachiwiri wina anatsokomola. Zaka zonsezi munthu ameneyo ankatsokomola m'nyimbomo, ine osadziwa. Ng'oma ndiye sinali m'khutu ayi, inali pansi pa chifuwa. Misozi inalengeza, ine n'kunamizira utsi wa mbaula.

Achimwene anandifotokozera kuti mawu aakulu, apansi, ndi amene amathawa msanga. Pakangotsala kampata pakati pa kamphira ndi khutu, amatulukira pomwepo, iwe n'kutsala ndi makoko. Anthu amene anapanga tinthu timeneti sindikuwadziwa, koma ndimawapatsa ulemu. Ndi anthu oleza mtima, amene anakhala pansi n'kuganizira mpaka khutu la mayi wa ku Ulongwe, kuti mwina lina ndi lopanikizika, lina lotakasuka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka womana. Mnzanga wa ku sekeretariya akatambasula dzanja ndinkamupatsa onse awiri kapena osamupatsa n'komwe, ndipo ananditcha dzina limene sindilemba pano.

Tsopano ndinene za apongozi anga aamuna, bambo awo a amuna anga, chifukwa mafonewa ntchito yawo yeniyeni anakaigwira kwa iwo.

Amakhala ku Lifidzi, ndipo ndi mmisiri wosema ng'oma. Nthawi ya nkhondo, pothawira ku Malawi, anthu ananyamula mabulangete ndi mapoto, iwo ananyamula nsompho yawo yosemera. Kumeneko ankasema mitondo ndi mipini kuti ana adye, ndipo nkhondo itatha anabwera nayo nsompho yomweyo, mpini wokha ndi umene unasintha. Ine ndinkakonda kuwaonera patali akamagwira ntchito. Mtengo asanaudule ankaugogoda ndi chibakera, khutu ali nalo pa khungwa, n'kuusiya kapena kuuloza. Akamakumba m'kati mwa chipika sankayeza ndi chingwe ayi. Ankasema pang'ono, kugogoda, kupendeketsa mutu, kusemanso. Ntchito yawo yonse inali m'khutu.

Ndinati ndinkawaonera patali, ndipo ndikunena patali penipeni. Ine ndine mtengwa pamudzi paja. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wanga, apongozi aamuna anali asanandilankhulepo mwachindunji, ine ndisanakhalepo pa mphasa imene akhala iwo. Ndikafika ndinkagwada cha ku nkhokwe, nkhope itayang'ana kumbali. Iwo ankauza akazi awo, apongozi anga aakazi, kuti, "Afunseni ngati ana adzuka bwino." Ine ndinkayankha amayiwo, amayiwo n'kubwereza, ngakhale tonse atatu tamva kale. Si chidani chimenecho, ndi ulemu wa kwathu, ndipo ine ndimaulemekeza. Koma kwa munthu wapakamwa ngati ine, ndi mtolo ndithu.

Chaka chomwe ndinaphunzira kuvala mafone, amayi a gule wa chintali a ku Domwe anawapempha ng'oma yaikulu, ija timaitcha gunda. Anaisema miyezi iwiri. Chikopa anakunga m'nyengo yozizira, masiku aja nkhungu imagona m'madimba mpaka dzuwa kukwera, ndipo chinali chisanaume bwino pamene eni ake anatulukira ndi galimoto ya kachewere, akuti ukwati wayandikira. Apongozi anakana, anati imafuna sabata ina ya dzuwa. Amayiwo anachonderera, anati akaiwamba okha pamoto. Inapita ng'oma ija mwini wake asanaimve liwu lake lenileni. Ku ukwatiko apongozi sanapite, miyendo inali itatupa.

Patapita masiku, wachibale wina anabwera ndi kanema wa ukwatiwo pa selula, foni ya m'manja, wokondwa, kuti akuluwo aone ntchito ya manja awo. Anawatsegulira pabwalo pomwepo. Amayi akuvina, fumbi lili koboo, woimba ng'oma akumenya ndi mphamvu zake zonse, koma chotuluka pa selula chinali pha, pha, pha, ngati mwana akumenya beseni. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Anangoti, "Ndamva," n'kulowa m'nyumba.

Zimene ambiri sitinkadziwa n'zakuti makutu awo anali atayamba kulemera, ndipo nkhawa imeneyo anali nayo kale mumtima. Kanema uja anangowatsimikizira zimene ankaopa, kuti khutu lawanamiza, agulitsa ng'oma yakufa kwa anthu amene anawakhulupirira. Anakulunga nsompho ndi zitsulo zawo zonse m'thumba, nati Loweruka zipite kwa wosula akasule makasu. Chipika china chimene anali atayamba kukumba, chili pansi pa mtengo wa pichesi, anauza akazi awo kuti awaze nkhuni.

Amuna anga, amene amayendetsa chapa cha ku Tete, anapita kukawauza kuti ng'oma ija anthu akuitama ku Domwe konse. Bambo awo anati amenewo ndi mawu otonthozera nkhalamba. Amuna anga anati ndiye tikaibwereke mudzaimve nokha. Akuluwo anakana kwamtuwagalu, anati ng'oma yogulitsa ikabwerera pakhomo pa mmisiri, mudzi wonse umadziwa kuti yalephera. Amuna anga anabwera kunyumba ali khuma, n'kundifotokozera, m'mawa mwake n'kubwerera pa msewu. Anali oti abweranso Lamulungu, nsompho itapita kale pamoto.

Ndinapempha wachibale uja kuti anditumizire kanemayo. Anajambula ndi munthu wa zipangizo zake, wa maukwati, osati wongoimika selula m'mwamba. Ndinaika mafone anga bwinobwino, ndinatsegula. Ha! Ng'oma ija inandigunda m'mimba. Inali ndi liwu lakuya, lonona, lokhalitsa, limene likamatha limasiya kanjenjemera. Ndinavula mafone n'kumvera pa selula yokha: beseni. Ndinavalanso: gunda. Ndinakhala pa mpando mtima ukuwawa, kuti munthu wamkulu ngati uja atayire ntchito ya moyo wake wonse kachibowo ka selula.

Ndiululenso china. Ndinazengereza. Mafone anga, amene ndinkawapukuta ndi kansalu kawokawo, akalowe m'makutu a nkhalamba, aubweya? Ndinadzifunsa zimenezo, Mulungu andikhululukire. Komanso funso lalikulu linali lakuti ndikawaveka bwanji, ine amene sindingafike ngakhale pa mphasa yawo. Lachisanu masana ndinapempha chilolezo kwa adirekitori, ndinatenga mafone ndi kathumba konse ka timphira, n'kukwera mota wa ku Lifidzi, njinga yamoto yonyamula anthu.

Ndinapeza chipika chija chikadali pansi pa pichesi, nkhwangwa itatsamira pambali pake. Apongozi aakazi anandilandira kuseri kwa khitchini, n'kundinong'oneza kuti akhala akunama sabata yonse kuti mpini wa nkhwangwa wagwedera. "Koma bodza langa latha, mwana wanga. Dzulo aukhoma okha mpiniwo."

Akuluwo anali pa mphasa, pakhonde, miyendo atatambasula, thumba la zitsulo lili pafupi ndi chitseko, lomanga kale pakamwa. Ndinagwada pamalo panga, cha ku nkhokwe. Titatha malonje, ndinafotokozera amayi chimene ndabwerera, iwo n'kupereka mawuwo.

"Auzeni kuti ndathokoza," anatero akuluwo, maso ali ku phiri. "Koma ndinamva kale."

Pamenepo pakamwa panga pananditsogolera. "Amayi, auzeni kuti chimene anamva ndi selula, si ng'oma. Potulukira mawu pa selula ndi pang'ono ngati diso la singano. Afunseni, iwo amene ndi amisiri, ngati anasemapo kang'oma kolowa m'thumba la malaya n'kukalira ngati gunda."

Amayi anandiyang'ana ndi diso lakuti wawonjeza, koma anabwereza mawu onse, osachotsapo. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Kenako akuluwo anati, "Abweretse."

Ndinakonza kanemayo, ndinachepetsa mawu kuti asawalase, ndinaonetsa amayi pokhudza, ndipo iwo ananyamula selula ndi mafone kupita nazo pa mphasa. Ine changu chinandipusitsa, ndinasiya timphira tanga tomwe tija. Amayi anakankhira limodzi m'khutu la amuna awo ngati akutseka botolo la mafuta. Linalo akuluwo analitenga n'kupatsa akazi awo, monga amachitira munthu aliyense wolera bwino. Anamvera pang'ono, fone lija n'kugwera pamiyendo.

"Chimodzimodzi," anatero. Anayamba kupukuta m'manja, kusonyeza kuti nkhani yatha.

Ndinalankhula mofulumira, mawu akupunthwa. "Amayi, auzeni kuti kamphirako n'kanga, n'kochepa kwa iwo. Mpweya ukuthawira m'mbali. Liwu lalikulu limafuna potsekeka, pakakhala kampata limatuluka."

Amayi asanabwereze n'komwe, ndinaona mutu wa akuluwo ukupendekeka, mmene umapendekera akamagogoda chipika.

"Afunseni," anatero pang'onopang'ono, "ngati akunena zonga ng'oma imene yang'aluka m'mbali."

"Eya, amayi, zomwezo."

"Ndiye kamphirako kayenera kudzaza khomo la khutu, osasiya mpata, komanso osapanikiza."

Achimwene anandiphunzitsa zimenezo masana athunthu. Akuluwa anazigwira ndi mawu awiri.

Tinayesa ta siponji, tija umayamba watifinya ndi zala kuti tikafufume tili m'khutu. Koma zala za amayi, zimene zakhala zikukumba kachewere zaka makumi, zinkafika kukhutu siponji itafufuma kale. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Anafuna kupaka mafuta odzola kuti kalowe msanga, ine ndinakuwa kuti ayi. Akuluwo anayamba kung'ung'udza kuti akuwaboola mutu. Amayi anatopa, anaponya manja m'mwamba. "Iii, bwera udzawaike wekha, mwana wanga, ine zandikanika!"

Akuluwo anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Tonse tinadziwa kuti zimenezo sizingachitike, ndipo amayi anadzigwira pakamwa.

Ndiye akuluwo anati, "Ndipatseni mpeni, ndi phesi la chimanga louma."

Amayi anakasolola phesi pa mpanda wa dimba. Akuluwo analidula kachidutswa, anasenda khungu lolimba lija, n'kutsala ndi mtima wake woyera, wofewa. Anayamba kuusema. Ine ndinaiwala zoyang'ana kumbali, ndinangoti maso dwii pa manja awo. Manja otupa m'mfundo, onjenjemera akagwira kapu ya tiyi, koma pa mpeni anali phee. Anasema pang'ono, anaika pakhomo pa khutu mosamala, anang'ung'uza kuti mmm, anapukusa mutu, anachotsa, anadula kena kokulirapo. Palibe anawauza za mmm ameneyo. Kachitatu anang'ung'uza n'kukhala chete, maso atatsinzina, kenako anagwedeza mutu. Anachitanso chimodzimodzi ku khutu linalo, ndipo kachidutswa ka kumanzere anakalemba kamzere ndi nsonga ya mpeni kuti tisasokoneze.

Anaika tiwiri tonse m'mbale yoyera. "Apatseni. Muyeso wanga ndi umenewo. Asankhe okha pa katundu wawoyo."

Amayi anabwera nayo mbaleyo ndi manja awiri, ngati muli chakudya cha mlendo. Ndinayala timphira tonse pa kapulana, chitenje changa, n'kuyamba kulinganiza ndi timapesi tija. Lakumanja linagwirizana ndi kamphira kakakulu koposa tonse. Lakumanzere linali locheperapo, linagwera pa kotsatira. Nawonso makutu awo sanali ofanana, ndipo anazipeza okha ndi mpeni. Ndinaveka timphirato.

Panatsala kalowetsedwe. Pofotokoza ndi pakamwa zinkasokonekera panjira, chifukwa ine ndikati kokerani m'mwamba, amayi ankati kokani, akuluwo n'kukokera pansi. Kunalibe kuchitira mwina koma kuonetsa. Koma taganizani, mtengwa kuima pamaso pa apongozi ake n'kudzikoka khutu, mmene timachitira pochenjeza mwana wosamva! Ndinatembenuka, ndinawapatsa msana, ndikadali chogwada. Ndinadutsitsa dzanja pamwamba pa duku, ndinagwira khutu, ndinakoka, dzanja linalo likupotoza m'malere. Kumbuyo kwanga amayi anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

"Mukuseka chiyani inu?" anatero akuluwo. "Auzeni abwereze, sindinaone bwino chala chachikulu."

Ndinabwereza katatu, nkhope ikuyaka. Nditacheuka pang'ono ndinaona lakumanja lalowa, nthambo yakwera pamwamba pa khutu mwaukhondo kuposa mmene ndimachitira ine. Lachiwiri analigwira m'manja, n'kuyang'ana akazi awo.

"Amayi, auzeni avale onse awiri. Inu mumva pambuyo."

"Ndimve ndekha, anthu muli pompano?" anafunsa, ndipo zinkaoneka kuti zikuwavuta kwenikweni.

"Valani, bambo inu," anatero amayi. "Makutu anga sakupita kwa wosula."

Anavala. Anang'ung'uza mmm, nsidze zawo n'kukwera. Amayi anakhudza pa selula.

Sindidzaiwala. Poyamba nkhope yawo inali youma, ya munthu amene akudikira chipongwe chachiwiri. Kanemayo amayamba ndi amayi akuimba okha, ng'oma imalowa pambuyo. Ine ndinkawerenga mumtima, ndikudziwa pamene ilowere. Itafika nthawiyo mapewa awo anadzuka. Pakamwa panatseguka pang'ono. Dzanja lamanja linatsika pa bondo lotupa lija n'kuyamba kugunda, osati motsatira nyimbo chabe, koma mofunsa, mmene amagundira chikopa chatsopano. Maso anali otsinzina, ndipo madzi anayamba kutsika m'makwinya, iwo osawapukuta.

"Ndi imeneyo!" anakuwa. Munthu amene makutu atsekeka sadziwa kukula kwa mawu ake, ndipo nkhuku zinabalalika. "Ndi imeneyo! Yauma bwino! Tamverani pansi pakepo!" Kenako nkhope inakwinyika. "Koma akuimenyera m'mphepete, mtsikanayo. Pakati, mayi, pakati! Eya, pamenepo!"

Amayi ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo m'chisangalalocho anakhudza pena pa selula, kanema n'kuzima. Anakhudzanso, kunatuluka zithunzi za ana anga. Akuluwo anatsegula maso, anayang'ana selula, anayang'ana akazi awo, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, m'maso mwenimweni.

"Mayi inu, tabwerani muibweze! Pomwe ikulowera paja!"

Zaka khumi ndi chimodzi. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina pali mayi wina. Apongozi aakazi anandikodola ndi mutu. Nthambo ya mafone ndi yaifupi, selula siingachoke pa mphasa, choncho ndinayenda ndi maondo kuchoka ku nkhokwe mpaka m'mphepete mwa mphasa ija, ndinatambasula dzanja, ndinaibweza. Ndinali pafupi moti ndinkamva fungo la fodya wawo ndi utuchi wa m'malaya. Anamvera mpaka kumapeto, anati ndibwezenso. Anamvera katatu, ine ndili pomwepo, mutu pansi, misozi ikugwera pa kapulana.

Atatha anavula okha, mopotoza, mmene anaonera. Anapukuta kamphira kalikonse ndi ngodya ya mpango wawo, anakulunga nthambo mozungulira zala ziwiri, n'kuika m'mbale ija. Ine ndinabwerera kumalo kwanga. Mumtima ndinali nditagonja kale kuti akawafuna ndiwasiyira, umbombo wanga wonse unali utasungunuka. Ndinauza amayi kuti awauze choncho.

Akuluwo anayang'ananso ku phiri, mmene amachitira nthawi zonse. "Auzeni kuti katundu wawo ndi wabwino, anapanga ndi mmisiri. Koma atenge. Ine chimene ndimafuna ndachipeza." Kenako anawonjeza, "Ndipo inu, nkhwangwa yanuyo muichotse pa mtengo wanga. Mukufuna nkhuni, kuthengo kulibe?"

"Tamverani nkhalambayi!" anatero amayi. "Si inu nomwe munakhoma mpini dzulo?"

Ndinapempha timapesi tiwiri tija, amayi anandimangira pa ngodya ya kapulana. Tili m'chitini cha singano ndi mabatani mpaka lero, kena kali ndi kamzere kake. Akuluwo sanandilankhulenso mwachindunji kuyambira tsiku lija, ndipo ine sindidandaula. Ndimagwada cha ku nkhokwe, iwo amafunsa akazi awo ngati ana adzuka bwino.

Dzuwa litapendeka, wa mota anabwera kudzanditenga. Ndinatsanzika, ndinatsika kanjira ka pakati pa minda ya nyemba mpaka pa msewu, ndinakwera. Monga mwa chizolowezi ndinatulutsa mafone kuti ndivale, ndipo dzanja linali litadutsa kale pamwamba pa mutu pamene ndinamva nsompho kumtunda, cha ku pichesi kuja: kho. Kenako kachetechete, ka munthu amene wapendeketsa mutu. Kenako kho, kho.

Wa mota anaponda kuti alize injini. Ndinamugwira paphewa.

"Dikirani kaye, achimwene," ndinatero. "Musalize."